Mwala wa Cullinan: inali mphatso kapena unangotengedwa?

NaBanda (Leeds):
Moni nonse pagulu pano. Loweruka lapitali ndinatenga ana anga awiri kupita nawo ku London, tinakalowa ku Tower of London kumene amasungako zisoti zachifumu. Ukafika pamene pali zisotizo suyenda wekha, pansi pali lamba woyenda ngati wa pabwalo la ndege, amakudutsitsa pang'onopang'ono kuti anthu asaunjikane, ndipo kujambula n'koletsedwa. Ndinaiona ndodo yachifumu ija. Kumutu kwake kuli dayamondi wamkulu ngati dzira la nkhuku, wooneka ngati dontho la madzi, ndipo lamba akamakusuntha kuwala kwake kumasinthasintha mpaka maso kuchita phethiphethi. Tinabwerera kumbuyo n'kudutsanso kachiwiri. Titatuluka mwana wanga wamkazi, wa zaka 11, anandifunsa kuti, "Amayi, akuti mwalawu unachokera ku South Africa, ndiye ukutani kuno?" Ndinasowa chomuyankha. Amene mukuidziwa bwino nkhaniyi tandithandizani, ndikufuna ndimuuze zoona.

Aphunzitsi Mbewe (Dedza):
Zikomo mayi NaBanda, mwanayo wafunsa funso la munthu wamkulu. Mwala mwauonawo ndi chidutswa chabe cha mwala wina waukulu umene unapezeka pa 26 Januwale 1905 pa mgodi wa Premier, kum'mawa kwa Pretoria, m'dera limene nthawi imeneyo linkatchedwa Transvaal. Unkalemera makarati 3,106, ndiye kuti magalamu 621. Tengani paketi ya shuga ya kilo imodzi, muigawe pakati n'kuwonjezerako pang'ono, kulemera kwake n'kumeneko. M'litali unali pafupifupi masentimita 10, ngati chibakera cha munthu wamkulu. Amene analembedwa kuti anaupeza ndi Frederick Wells, kapitawo wa pamgodipo, ndipo anautcha dzina la Thomas Cullinan amene anatsegula mgodiwo mu 1902. Mpaka lero sipanapezeke dayamondi wina wa mtundu wovala wamkulu kuposa ameneyu.

Anayamba auonetsa ku Standard Bank ku Johannesburg, kenako anautumiza ku London kuti akaugulitse. Koma zaka ziwiri zinatha wogula osapezeka. Ndiye mu 1907 boma la Transvaal, lotsogozedwa ndi Louis Botha, linaugula pa mtengo wa mapaundi 150,000 n'kuupereka kwa Mfumu Edward VII pa 9 Novembala 1907, tsiku limene mfumuyo inkakwanitsa zaka 66. Mwambowu unachitikira ku Sandringham, kunyumba ina ya mfumuyo ku Mangalande.

Zulu (Chipata):
Ndiye nkhani yatha pamenepo, aphunzitsi. Unagulidwa ndi ndalama, n'kuperekedwa ngati mphatso. Ine ndimadabwa anthu akamati unabedwa. Kuba n'kutenga chinthu mwini wake asakudziwa kapena asakufuna. Apa kampani inagulitsa, boma linagula, mfumu inalandira.

Jere (Mamelodi):
Achimwene a Zulu, ine ndimakhala pafupi ndi kumeneko, ku Cullinan ndafikako kangapo ndi ntchito yanga yonyamula katundu. Ndi katauni kakang'ono kaukhondo, misewu yake ya mitengo mbali zonse, nyumba zakale za miyala zimene ankakhalamo mabwana a pamgodi anazisandutsa malo odyera ndi ogulitsira zinthu za alendo. Dzenjelo ukaima pamphepete n'kuyang'ana pansi chizungulire chimakugwira. Mgodiwo ukugwirabe ntchito, panopa uli m'manja mwa kampani ya Petra Diamonds imene inaugula kwa kampani ya De Beers mu 2008. Koma mukachoka pamenepo n'kuyenda pang'ono mufika ku Refilwe, kumene kumakhala anthu akuda. Pitani mukawauze anthu a kumeneko kuti makolo awo anapereka mphatso kwa mfumu ya ku Mangalande. Akufunsani kuti makolo ake ati, anakhala pansi liti n'kugwirizana zimenezo.

Zulu (Chipata):
Koma boma ndiye limaimira anthu, si choncho? Lero boma likapereka mphatso kwa mlendo sililowa khomo ndi khomo kufunsa.

Aphunzitsi Mbewe (Dedza):
Pagona nkhani ndi pomwepo, bambo Zulu. Boma lija linali la ndani? Nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi inayamba mu 1899 n'kutha mu 1902 ndi pangano la ku Vereeniging, Mabunu atagonja. Transvaal inasanduka dziko la pansi pa Britain. Kumayambiriro kwa 1907 kunachitika chisankho chimene chinaika Botha pampando, koma ovota anali azungu okhaokha, amuna. Munthu wakuda, ngakhale anali wochuluka m'dzikomo, analibe voti ngakhale imodzi. Nkhani yopereka mwalawu itapita ku nyumba ya malamulo, 42 anavomera, 19 anakana. Pa anthu onsewo munalibe wakuda.

Ndipo taganizirani za Botha mwiniwakeyo. Zaka zisanu m'mbuyomo anali mkulu wa asilikali a Mabunu, akumenyana ndi asilikali a mfumu yomweyo. Tsopano ndi amene akutumiza mphatso kwa mfumuyo. Akulu anati kupatsa n'kuika. Botha ankafuna kuonetsa kuti Mabunu tsopano ndi okhulupirika, kuti Britain awasiyire ulamuliro. Ndipo zinathekadi: mu 1910 madera anayi anaphatikizana kukhala Union of South Africa, nduna yaikulu yoyamba anali Botha yemweyo. Patangotha zaka zitatu, mu 1913, boma lakelo linakhazikitsa lamulo la malo limene linasiyira anthu akuda gawo losakwana limodzi mwa magawo khumi a dziko lawo. Ine ndikauona mwala umenewu ndimaona mgwirizano wa magulu awiri a azungu amene anali atamenyana, akugwirana chanza pamwamba pa mitu ya eni nthaka.

Ngakhale ku London komweko sanaulandire ndi manja awiri poyamba. Nduna yaikulu ya Britain, Henry Campbell-Bannerman, inayamba yalangiza mfumu kuti ikane, kenako inasiyira mfumuyo kuti isankhe yokha. Amene analimbikira kuti ilandire ndi Winston Churchill, nthawi imeneyo ali wachiwiri kwa nduna yoona za maiko a atsamunda.

NaBanda (Leeds):
Zimenezi zonse sindinkazidziwa. Ndiye mwana ndimuuze kuti opereka ndi olandira onse anali mbali imodzi?

Aphunzitsi Mbewe (Dedza):
Mumuuze kuti amene anapereka anali boma la atsamunda la pansi pa mfumu yomweyo imene inalandira. Akadzakula adzaweruza yekha.

Tadala (Zomba):
Ine ndikuphunzira za miyala ndi nthaka, ndiloleni ndiikepo mbali imene imandisangalatsa, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti mwala mwauona aunt NaBanda ndi wonse. Ayi. Mfumu inapereka ntchito youdula ku kampani ya Joseph Asscher ya ku Amsterdam. Dayamondi ndi wolimba kuposa mwala wina uliwonse wachilengedwe, koma ali ndi mizere m'kati mwake imene amang'ambikira, monga mmene chikuni chimang'ambikira motsata msempha wake. Ukalondola mzerewo amagawika bwinobwino, ukauphonya akhoza kuphwanyika. Ndiye anthuwo anatha masabata akungouyang'ana. Kenako anapala kamzera pamwamba pake pogwiritsa ntchito dayamondi wina, n'kuikamo mpeni wachitsulo wosathwa. Pa 10 Febuluwale 1908 Joseph Asscher anamenya. Ulendo woyamba unathyoka ndi mpeniwo, mwala osagwedezeka. Atabwereza ndi mpeni wina, mwala unagawika pawiri pamene ankafuna.

Kudula ndi kupukuta kunatenga miyezi 8, anthu atatu akugwira maola 14 patsiku. Panatuluka miyala ikuluikulu 9 ndi ing'onoing'ono 96. Waukulu kwambiri, Cullinan I, ndi wa makarati 530, uli ndi nkhope 74, ndipo ndi umene uli pandodo. Ndodoyo ndi yakale, ya mu 1661, anachita kuikonzanso mu 1910 kuti mwalawo ukhalepo. Wachiwiri, Cullinan II, wa makarati 317, uli kutsogolo kwa chisoti chotchedwa Imperial State Crown, chimene mfumu imavala potsegulira nyumba ya malamulo. Mukaphatikiza miyala 9 ija mupeza makarati pafupifupi 1,056. Ndiye kuti pa magawo atatu a mwala woyamba uja, awiri anatha ngati fumbi popala. Zimandiwawa pang'ono, chifukwa mwala wa mtundu umenewu umapangika pansi kwambiri, makilomita mazanamazana, ndipo mbali imodzi ya Cullinan inali yosalala ngati kuti unathyoka kuchoka ku mwala wina wokulirapo. Akanausiya wathunthu tikanaphunzirapo zambiri.

Jere (Mamelodi):
Tadala, ija amati anautumiza papositi ndi yoona?

Tadala (Zomba):
Eya achimwene. Pochoka ku South Africa mu 1905 anakweza bokosi m'sitima yapamadzi ndi alonda, anthu onse n'kumaganiza kuti mwala uli mmenemo, pamene weniweniwo anautumiza papositi yolembetsa ngati phukusi wamba. Popita ku Amsterdam anachitanso chimodzimodzi: sitima yankhondo inanyamula bokosi lopanda kanthu, mwala uli m'thumba la jekete la Abraham Asscher, mchimwene wake wa Joseph.

Nasibeko (Ntcheu):
Ndakhala ndikuwerenga chete kuyambira m'mawa. Mayina onse mwatchula apa ndi a azungu: woupeza, mwini mgodi, wogula, wolandira, wodula, ngakhale wounyamula m'thumba. Nanga amene anakumba dzenje limene a Jere akuti limachititsa chizungulire aja, mayina awo ali kuti?

Agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, anapita ku Joni kawiri. Iwo anali ku mgodi wa golide, osati wa dayamondi, koma moyo wake ndi womwewo. Ine ndawapeza atakalamba. Anali ndi bokosi lachitsulo lobiriwira limene linkakhala kumutu kwa mphasa yawo, m'kati muli bulangete lolemera, chipewa cholimba chokhala ndi pokolekera nyali, ndi kachitsulo kokhala ndi nambala kamene ankavala padzanja. Nambala imeneyo ankaitchula pamtima mpaka tsiku lomwalira, ngakhale pamene anayamba kuiwala mayina a ife adzukulu. Ankati kumeneko palibe ankawaitana dzina. Usiku ankatsokomola mpaka ife ogona chipinda china kudzuka, agogo aakazi n'kumawathira madzi ofunda m'kapu. Ndimakumbuka manja awo, zala ziwiri za kumanzere zinali zopindika, sizinkatambasuka. Ndikamamva za mwala wowala uli London, ine ndimaona manja amenewo. Pepani ngati ndachoka pamutu.

Admin (Lilongwe):
Simunachoke pamutu mayi Nasibeko. Pitirizani, kungoti tonse tilemekezane.

Aphunzitsi Mbewe (Dedza):
Mayi Nasibeko, mwakhudza pamene nkhaniyi imatifikira ife. Chaka chomwecho cha 1907 chimene mwalawu unaperekedwa ndi chimenenso dziko lathu linasinthidwa dzina kuchoka pa British Central Africa kukhala Nyasaland, ndipo Edward VII yemweyo ndi amene ankatchedwa mfumu yathu. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, ndalama kumudzi kunalibe, ndiye amuna ankatsika kumwera, ena wapansi, ena kudzera ku Wenela imene inkalemba anthu a m'migodi. Ochokera kumaiko otentha ngati kwathu kuno ankafa kwambiri ndi chibayo m'makomboni, mpaka mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwenikweni, ngakhale pambuyo pake anadzatsegulanso. Achikulire pagulu pano akukumbuka Epulo 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kumudzi, Kamuzu n'kuimitsa kulemba anthu.

Ku migodi ya dayamondi kunali chinthu china chowonjezera. Ku Kimberley, kuyambira m'ma 1880, antchito akuda ankatsekeredwa m'komboni nthawi yonse ya kontirakiti yawo, osatuluka, ndipo pomaliza ntchito ankawavula n'kuwasecha thupi lonse, kuwasunga masiku angapo kuopa kuti wina wameza kamwala. Munthu wokumba ankayesedwa wakuba asanabe n'komwe.

Zulu (Chipata):
Mayi Nasibeko, nkhani ya agogo anu yandikhudza, kwathu kunonso ambiri anapita ku Wankie ndi ku Joni osabwerako. Sindikukana kuti anthu anazunzika. Koma ndifunsebe, chifukwa mtima wanga sunakhazikike. Tinene kuti mawa Mfumu Charles yavomera kubweza. Ukupita kwa ndani? Ku boma la Pretoria? Kwa anthu a ku Refilwe? Kwa mafumu a dera limenelo? Nanga adzukulu a anthu ochokera ku Mozambique, ku Lesotho ndi kwina amene ankagwira m'migodi ya ku Transvaal, gawo lawo lili pati? Chinanso, ku London mayi NaBanda alipira pakhomo n'kuuona ndi maso awo. Ine mantha anga ndi akuti ukabwera ukhoza kukathera m'nyumba ya munthu mmodzi wamphamvu, tonse osadzauonanso.

Jere (Mamelodi):
Achimwene, mantha amenewo ndimawamvanso kwa anzanga a kuno, si inu nokha. Koma munthu akakusungira mbuzi yako sanganene kuti sindikubwezera chifukwa khola lako n'lothyoka. Za khola ndi za mwini mbuzi. Ndipo mayi NaBanda auona chifukwa ali ndi mapepala okhalira ku UK. Mwana wa ku Refilwe, wobadwira makilomita ochepa kuchokera pamene unatuluka mwalawo, kuti akauone afunika pasipoti, viza ndi tikiti ya ndege. Kuno chimene angaone ndi chifanizo chake basi. Mfumukazi Elizabeth itamwalira mu Sepitembala 2022, ndodo ndi chisoti zija anaziika pamwamba pa bokosi la maliro, dziko lonse likuonera pa TV. Sabata imeneyo m'mataxi kuno nkhani inali yomweyi, ndipo anthu masauzande ambiri anasaina pa intaneti kupempha kuti mwalawo ubwerere. Mlandu suola.

Chikondi (Gaborone):
Ndiyankheko a Zulu pa nkhani ya khola. Kuno ku Botswana mu Ogasiti 2024 pa mgodi wa Karowe panapezeka dayamondi wa makarati oposa 2,400, wachiwiri kwa Cullinan pa kukula. Tinamuona pulezidenti wa nthawiyo, Mokgweetsi Masisi, ataunyamula m'manja pamaso pa atolankhani ku Gaborone. Pamgodi womwewo mu 2015 panatuluka wina wa makarati 1,109, ndipo dzina lake, Lesedi La Rona, linasankhidwa pa mpikisano wa Batswana eni ake, m'chilankhulo chawo. Sindikunena kuti kuno zonse zili bwino, mgodi wa Karowe ndi wa kampani ya ku Canada ya Lucara ndipo miyalayo imakagulitsidwabe kunja. Koma migodi ikuluikulu ya Jwaneng ndi Orapa ili pansi pa kampani ya Debswana, imene boma lili ndi theka, De Beers theka, ndipo ndalama zake zamanga misewu, zipatala ndi masukulu amene ndimawaona tsiku ndi tsiku. Ndiye zoti munthu wakuda sangasamale chuma cha m'nthaka yake ine sindizivomera.

Zulu (Chipata):
Sindinanene kuti munthu wakuda sangasamale, achemwali. Ndanena za anthu amphamvu, ndipo amenewo ali ndi khungu lililonse. Koma za Botswana mwanenazo ndazimva.

Tadala (Zomba):
Pali chinanso chimene sitinachitchule. Mfumu inasunga miyala iwiri ikuluikulu ija, ina yotsala inakhala kwa Asscher ngati malipiro a ntchito, kupatula umodzi umene Edward anagulira mkazi wake Alexandra. Mu 1910 boma la South Africa linagulanso yotsalayo n'kuipereka kwa Mfumukazi Mary, mkazi wa Mfumu George V amene analowa m'malo mwa Edward. Ndiye kunali kugula kawiri, kupereka kawiri. Cullinan III wa makarati 94 ndi Cullinan IV wa makarati 63 Mary ankaivala pamodzi pachifuwa, ndipo atamwalira mu 1953 inapita kwa mdzukulu wake Elizabeth.

NaBanda (Leeds):
Kodi imeneyi ndi imene inali pachisoti cha Camilla, mkazi wa Mfumu Charles? Ndikukumbuka kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira, tinaonera mwambo wonse wowaveka ufumu ndi agogo athu a kumeneko.

Aphunzitsi Mbewe (Dedza):
Ndi yomweyo. Pa 6 Meyi 2023 Camilla anavekedwa chisoti cha Mfumukazi Mary cha mu 1911, ataikapo Cullinan III, IV ndi V. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti chisoti chimenecho poyamba chinapangidwa kuti pakhale dayamondi wina wotchuka, Koh-i-Noor wa ku India. Ameneyu Angerezi anamutenga mu 1849 atagonjetsa ufumu wa Asikh ku Punjab, ndipo amene anasainitsidwa pangano la ku Lahore lomupereka anali Duleep Singh, mfumu ya zaka 10 zokha. India wakhala akumuitanitsa kuyambira pamene analandira ufulu, Pakistan, Afghanistan ndi Iran nawonso amati ndi wawo. Pa mwambo wa 2023 Koh-i-Noor sanaoneke, anatsala pachisoti cha mayi ake a Elizabeth ku Tower komweko. Mmene ndikuonera ine, anaopa phokoso la India. Koma m'malo mwake anaikapo miyala ya ku Africa, ngati kuti imeneyi ilibe mwini woidandaula. Zimenezi zinandipweteka kuposa zonse.

Zulu (Chipata):
Pa Koh-i-Noor sindingatsutse, mwana wa zaka 10 sangapereke chuma cha dziko. Pa Cullinan ndikuonabe kuti nkhani yake ndi yosiyana, chifukwa panali kugula. Koma ndavomera kuti ogulawo sanafunse eni nthaka. Mwina njira n'kuyamba ndi kulemba zoona zonse pachikwangwani cha ku Tower, kuti aliyense wodutsa palamba paja adziwe kuti mu 1907 ndani ankavota ndipo ndani sankavota.

Chikondi (Gaborone):
Chikwangwani chokha n'chochepa, achimwene, komabe kuli bwino kusiyana ndi kungoti "mphatso".

Nasibeko (Ntcheu):
Ine zoti ubwere kapena usabwere ndasiyira inu odziwa malamulo. Chimene ndikanakonda n'choti pamgodi pomwepo pakhale khoma lolembedwa mayina a anthu amene anakumba, ngati mabuku a kampani akadalipo. Ngati analemba manambala okha, alembe manambala omwewo. Ife tikudziwa nambala ya agogo athu, ena akhoza kuzindikira ya awo.

Jere (Mamelodi):
Mayi Nasibeko, Lachinayi ndili ndi katundu wopita cha ku Rayton, ndi pafupi. Ndidzadutsira ku Cullinan ndikafunse kwa amene amayendetsa alendo ngati pali malo osungira mabuku akale a antchito, komanso kumene kuli manda a m'komboni. Ndikapeza chilichonse ndijambula ndiike pano.

NaBanda (Leeds):
Zikomo nonse. Mwana uja wabwera kusukulu, ndamuwerengera kuyambira pamwamba mpaka apa, zina ndikumumasulira chifukwa Chichewa chake n'chopereweza. Pa nkhani ya agogo a mayi Nasibeko anandiimitsa, akufunsa ngati bokosi lobiriwira lija likadalipo.

Nasibeko (Ntcheu):
Lilipo, lili kwa amalume ku Bawi, amasungiramo mbewu ya mtedza. Kachitsulo ka nambala kaja ndili nako ine. Mumuuze kuti mawa kukawala ndikajambula ndikutumizireni kuti akaone.